Mipukutu ya ku Qumran ndi mabokosi athu a m'mbali mwa nyanja

Ukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, asodzi akupalasa mabwato pa Shire, sungaganize kuti chigwa waimamocho chili ndi mathero ena kutali kwambiri kumpoto. Chigwa chomwe nyanja yathu idakhalamo chimadzera ku Tanzania, Kenya ndi Ethiopia, n'kutsata Nyanja Yofiira mpaka kukafika ku mtsinje wa Yordano. Kumeneko kulinso nyanja, koma yosiyana ndi yathu pa chilichonse. Yathu ili pamtunda, ndi ya chambo, usipa ndi kampango. Inayo ili mamita oposa 400 kunsi kwa mulingo wa nyanja zikuluzikulu, ndipo mchere wake ndi wochuluka moti nsomba sikhalamo. N'chifukwa chake amaitcha Nyanja Yakufa.

M'mapiri ouma a m'mbali mwa nyanja imeneyo, pamalo otchedwa Qumran, abusa a fuko la Ta'amireh adalowa m'phanga cha mu 1947 n'kupeza mitsuko yokhala ndi zikopa zokulungidwa m'nsalu. Dzina lomwe limatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi la mnyamata Muhammed edh-Dhib. Abusawo adapita nazo zikopazo ku Betelehemu kwa munthu wosoka nsapato yemwe ankagulitsanso zinthu zakale, wodziwika ndi dzina loti Kando. Sankadziwa kuti anyamula malemba achiyuda omwe adakhala mumdima zaka pafupifupi 2,000.

Mipukutu yoyamba idalipo 7. Itatu adaigula Eleazar Sukenik wa pa yunivesite ya Chihebri ku Yerusalemu. Inayi idagwa m'manja mwa bishopu wa mpingo wa Asiriya, Mar Samuel, yemwe adapita nayo ku America n'kukaitsatsa m'nyuzipepala ya Wall Street Journal mu 1954, monga mmene munthu angatsatsire galimoto. Mwana wa Sukenik, Yigael Yadin, adaigula kudzera mwa munthu wina pa mtengo wa madola 250,000. Pofika 1956 mapanga okhala ndi malemba anali atakwana 11, ndipo zolembedwa zonse pamodzi zidaposa 900, m'Chihebri, m'Chiaramu ndi zochepa m'Chigriki. Buku lililonse la Baibulo la Chihebri lidapezekako chidutswa kupatula la Estere.

Wina ku Namwera kapena ku Monkey Bay afunsa kuti, nanga ife zikutikhudza chiyani? Zikutikhudza Lamulungu lililonse. Chipangano Chakale chomwe timawerenga m'Chichewa ndi m'Chiyao chidamasuliridwa kuchokera ku Chihebri, ndipo buku lathunthu lakale kwambiri la Chihebricho, lomwe likusungidwa ku St Petersburg, lidakoperedwa cha mu 1008. Pakati pa aneneri ndi buku limenelo padali mpata wa zaka zambirimbiri za alembi okopera pamanja, wina kutengera kwa mnzake. Munthu aliyense amene adalembapo kaundula wa mpingo kapena wa mudzi amadziwa momwe diso limalumphira mzere ukatopa. Funso loti mawu adasintha motani m'njira lidali lenileni.

Mpukutu waukulu wa Yesaya udayankha mbali ya funsolo. Ndi wautali mamita 7 ndi pang'ono, uli ndi mitu yonse 66, ndipo udalembedwa zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe. Akatswiri ataufananiza ndi buku la 1008 adapeza kuti ndi Yesaya yemweyo, ngakhale kalembedwe ka mawu ndi tina ndi tina n'tosiyana m'malo ambiri. Koma mabuku ena adadabwitsa. Chidutswa cha buku la Samuele chimapatsa Goliati msinkhu wa mikono inayi ndi chikhato, pafupifupi mamita awiri, pomwe Chihebri chomwe tidazolowera chimati mikono isanu ndi umodzi ndi chikhato, pafupifupi mamita atatu. Baibulo lakale la Chigriki ndi wolemba mbiri Josephus nawo amati inayi. Chikopa chomwecho chili ndi ndime yonse yonena za nkhanza za Nahasi, mfumu ya Aamoni, yomwe mulibe m'Mabaibulo ambiri. Baibulo lina la Chingerezi lotuluka mu 1989 lidaibwezeretsa pasanayambe mutu 11 wa 1 Samuele. Kwa ine izi sizichepetsa Malemba. Zimaonetsa kuti adadzera m'manja mwa anthu, ndipo anthuwo adali osamala kwambiri koma anali anthu ndithu.

Buku Lopatulika, lomwe William Murray ndi anzake adalivutikira pa phiri la Kaso ku Mvera, lidatuluka mu 1922, kutatsala zaka 25 kuti mbusa uja alowe m'phanga. Malembo Oyera a Akatolika adatuluka mu 1966, Buku Loyera mu 1998, ndipo Baibulo lathunthu la Chiyao la Bible Society of Malawi mu 2014. Omasulira a masiku ano ali ndi mboni zomwe Murray sadazione, ngakhalenso Robert Laws, yemwe adayamba ntchito yake ku Cape Maclear mu 1875.

Komatu mbonizo zidachedwa kufika kwa anthu, ndipo apa mpamene pali nkhani yondiwawa. Mipukutu yoyamba ija idasindikizidwa msanga. Vuto lidabwera ndi phanga lachinayi, lopezeka mu 1952, momwe mudatuluka tizidutswa pafupifupi 15,000, tina tating'ono ngati chikhadabo. Wansembe Roland de Vaux adasonkhanitsa kagulu ka akatswiri 8 okha kuti atilumikize ndi kutimasulira. Adagwira ntchito yolemetsa, tiwapatse ulemu wawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma adalakwitsanso. Tizidutswa tina adatimata ndi selotepi, yomwe patapita zaka idadetsa ndi kuwononga zikopa, moti akatswiri osamala zakale akhala akuichotsa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Cholakwa chachikulu n'chakuti aliyense adatenga gawo lake ngati munda wa makolo ake. Wina aliyense wofuna kuona ankauzidwa kuti adikire mwini gawo asindikize kaye. Ena adakalamba, ena adamwalira, ena adagawira ophunzira awo okha. Mu 1977 Geza Vermes wa ku Oxford adadzudzula poyera kuti kuchedwaku kukusanduka manyazi aakulu pakati pa anthu ophunzira.

Mpanda udagwa mu 1991. Ben Zion Wacholder ndi wophunzira wake Martin Abegg adatenga mndandanda wa mawu womwe kagulu kaja kadadzikonzera, n'kugwiritsa ntchito kompyuta kulumikiza mizere ya malemba obisidwawo, n'kusindikiza. Chaka chomwecho laibulale ya Huntington ku California idalengeza kuti aliyense wophunzira angathe kuona zithunzi za mipukutu zomwe inkasunga. Emanuel Tov, yemwe adali atangotenga utsogoleri wa ntchitoyi, adaitana akatswiri ambiri a m'mayiko ndi zipembedzo zosiyanasiyana. Mutu umodzi susenza denga: zomwe zidakanika zaka 40 zidayenda, ndipo pofika 2010 mabuku 40 a Discoveries in the Judaean Desert, osindikizidwa ku Oxford kuyambira 1955, adali atatha. Mu 2012 boma la Israel, mothandizana ndi Google, lidaika zithunzi za tizidutswato pa intaneti kwaulere. Lero wophunzira zaunsembe ku St Peter's ku Zomba, kapena mtsikana wa pa yunivesite ya DMI St John the Baptist kuno ku Mangochi, akhoza kuona pafoni chikopa chomwe mapulofesa otchuka adakanizidwa kuona.

Kusindikiza poyera kuli ndi phindu linanso. Chitatha chaka cha 2002 pamsika padayamba kuoneka tizidutswa tatsopano tosadziwika bwino komwe tachokera, ndipo anthu achuma adatigula modula. Akatswiri atayamba kuunika inki ndi chikopa adakayika. Mu 2020 nyumba yosungira zakale ya Museum of the Bible ku Washington idavomera kuti tizidutswa take tonse 16 tidali tabodza. Chinyengo chidagwidwa chifukwa maso oona adali ambiri.

Afirika ili ndi dzanja m'nkhaniyi, ndipo sitimva kawirikawiri. Buku la Enoki, lomwe kalata ya Yuda m'Chipangano Chatsopano imatchulako mawu ake, lidasowa ku Ulaya kwa zaka mazanamazana. Lathunthu lidasungidwa ku Ethiopia kokha, m'chilankhulo cha Ge'ez, chifukwa amonke a kumeneko sadatope kulikopera pazikopa, m'badwo ndi m'badwo. James Bruce adapita nawo makope ake ku Ulaya mu 1773. Tizidutswa ta Chiaramu ta buku lomwelo titapezeka ku Qumran, zomwe Józef Milik adasindikiza mu 1976, akatswiri adatha kutizindikira ndi kutiyala bwino chifukwa cha buku la Aitiyopiya. Ku Cairo nako, m'chipinda chapamwamba cha sunagoge wa Ben Ezra, Ayuda ankaponyamo pepala lililonse lotha ntchito poopa kutaya dzina la Mulungu kudzala. Solomon Schechter adatutako zidutswa pafupifupi 193,000 kupita nazo ku Cambridge mu 1897. Mudali mapemphero, komanso makalata a ukwati, malisiti, mankhwala, madandaulo a akazi osiyidwa ndi makalata a amalonda opita ku India. Timapepala timene eni ake ankatiyesa zinyalala ndi timene S. D. Goitein adalembera mbiri yonse ya moyo wa anthu wamba a nthawiyo.

Tsopano tibwere kwathu. Mangochi si dera lomwe kulemba kudabwera ndi sukulu za boma. Amalonda a Chiyao ankayenda mpaka ku Kilwa ndi kugombe la Mozambique, ndipo cha m'ma 1870 mfumu Makanjira idalowa Chisilamu. M'mabwalo a mafumu monga Makanjira ndi Mponda mudali alembi olemba makalata m'Chiswahili pogwiritsa ntchito zilembo za Chiarabu. Mashehe otchuka monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje adaphunzitsa anthu ambiri m'mbali mwa nyanjayi, ndipo ophunzira awo ankakopera pamanja zomwe aphunzira. Kumbali ya mishoni, ku Malindi ndi kwa Mponda kudali makaundula a ubatizo ndi maukwati, mabuku a nyimbo ndi makalata a aphunzitsi. Wansembe wa Chiyao Yohanna Abdallah adalemba mbiri ya mtundu wake, Chiikala cha Wayao, yomwe idasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Kodi mipukutu yathu si imeneyi?

Kusiyana kwake n'kwakuti Qumran idali ndi mlonda: chipululu chouma chopanda mvula yokwanira kuoletsa chikopa. Ife tili ndi chinyontho cha dzinja, chiswe, njenjete, mphemvu ndi makoswe. Tili ndi denga laudzu lodontha. Mu 2024 madzi a nyanja adakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuno. Ngakhale boma lenilenilo lidaonapo zakuda: moto wa mu 1919 udapsereza zikalata za ku likulu ku Zomba, ndipo zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zidathera pomwepo. Nyumba yosungira zikalata za dziko lino idakhazikitsidwa mu 1947, chaka chomwecho cha phanga la ku Qumran.

Ndidaonapo ndi maso anga bokosi lachitsulo likutsegulidwa pambuyo pa maliro a gogo wina wophunzira zachipembedzo. Pamwamba padali mkanjo wopindidwa bwino. Pansi padali mabuku olembedwa pamanja, ndipo titanyamula loyamba, theka lidatsalira m'bokosi ngati gaga. Adzukulu adali aulemu, palibe adafuna kuwataya, koma panalibe wodziwa kuwerenga Chiswahili cha zilembo za Chiarabu. Adangotsekanso bokosi lija. Chiswe sichidikira kuti mdzukulu amalize sukulu.

Anzathu a ku Mozambique adayambapo. Ku Maputo, m'nyumba yawo yosungira zikalata, muli makalata ambiri a zilembo za Chiarabu ochokera kwa mafumu a kumpoto kwa dzikolo, ndipo akatswiri Liazzat Bonate ndi Chapane Mutiua adawafufuza ndi kuwalemba m'kaundula. Kuno kwathu nyumba yosungira zikalata ija, National Archives, idagwirapo ntchito ndi British Library yojambula zikalata zomwe zili pangozi. Osindikiza aliponso: Kachere Series ku Zomba idatulutsa mu 2000 buku la mbiri ya Asilamu a m'Malawi lokonzedwa ndi David Bone, ndipo Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu akhala akusindikiza kafukufuku wa ophunzira athu pamtengo woti Mmalawi n'kufikira. Chosowa ndi anthu oti ayende mudzi ndi mudzi, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Chembe, odziwa Chiyao, Chiswahili ndi Chiarabu, olowa m'nyumba mwaulemu ndi kupempha chilolezo kwa eni ake.

Ndipo akayamba, asabwereze za mipukutu ya ku Qumran zija. Wofufuza amene ajambula buku la shehe kapena kaundula wa mpingo, n'kukatengera digiri kunja, zithunzi n'kuzitsekera mu kompyuta yake, sasiyana ndi kagulu ka anthu 8 kaja. Buku likhale m'banja kapena mumzikiti momwe lili, zithunzi zipite ku Zomba ndi ku Lake Malawi Museum pa boma pano, ndipo zotuluka m'kafukufukuyo zilembedwenso m'Chiyao ndi m'Chichewa kuti adzukulu a mlembi adziwe zomwe agogo awo adalemba. Mabuku ena ndi opatulika kwa eni ake, ena ali ndi zinsinsi za banja; mwini akakana, akanadi. Koma afunsidwe.

Inu amene muli ndi bokosi lotere kuchipinda, litseguleni mvula isanayambe. Lichotseni pansi, muliike pouma ndi popita mphepo. Tsamba long'ambika musalimate ndi selotepi. Pemphani mwana wa foni yabwino ajambule tsamba lililonse, ndipo agogo odziwa mwini bukulo akadali moyo, afunseni dzina lake, mudzi wake ndi amene adamuphunzitsa, mulembe pa pepala lina muike momwemo.