ZA KUSINTHA CAKUDYA CA GARU

Inu eni nyumba a ku Phalombe, garu wanu ndiye mlonda wa nkhokwe, ndiyenso apitikitsa anyani otsika m'phiri la Michesi. Koma garu wakudya mkute wokha aonda, nagona pofika mbala. Cifukwa cace mumphikire phala la madeya, nimuikemo matemba a ku Chilwa. Musasinthe cakudya cace tsiku limodzi, angatsegule m'mimba. Masiku 2 oyamba, catsopano cikhale limodzi la magawo anai. Masiku 2 otsatira, theka. Nimuonjeze pang'ono pang'ono, kuti pofika tsiku la 7 adye catsopano cokha. Musampatse anyezi, pakuti aononga mwazi wace. Kapena mafupa ophika a nkhuku, pakuti asweka nalasa matumbo. Madzi oyera asasowe m'phale mwace.