Kompyuta ikakalamba: tikonze kapena tigule ina?

ULONGUE — Pa msika wa pano, ku Domue, ngakhalenso pa malire a Calomue ndi Zobue, pali tizipinda momwe mnyamata amakhala ndi kompyuta imodzi ndi makina osindikizira. Ndiye amalembera anthu makalata opita ku boma, kusindikiza ntchito za ana asukulu, ndi kusungira magulu a alimi maina a omwe anatenga feteleza pa ngongole. Makinawo akafa, olira amakhala ambiri.

Makompyuta ambiri otere anagulidwa akale ndithu, ndipo eni ake amafunsa kuti nthawi yowasiya ifika liti.

Kuchedwa kuyaka sikutanthauza kuti kompyuta yatha. Fumbi la m'chilimwe limadzaza m'kati, fani imalephera kuziziritsa, makina amatentha mpaka kuzima okha. Wodziwa akatsegula ndi kuchotsa fumbilo, kawirikawiri vuto limatha. Kuchotsa hard disk yakale ija yozungulira n'kuikapo SSD, ndiponso kuonjezera RAM, kumaipatsa liwiro pa mtengo wotsika kuposa kugula ina.

Koma mukamva kugogoda m'kati, dziwani kuti hard disk ikufa. Koperani zonse pa flashi tsiku lomwelo, musadikire mawa, pakuti maina a angongole akatayika palibe adzavomere kuti anatenga matumba angati. Ngati mphenzi ya m'dzinja yaotcha motherboard, ife tikuona kuti kukonza n'kutaya ndalama.

Palinso nkhani ya Windows. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Makina sazima chifukwa cha ichi ayi, koma mipata yomwe akuba a pa intaneti amapeza siitsekedwanso monga kale. Wongolemba makalata popanda intaneti angathe kupitiriza, bola asamale ndi maflashi a anthu, omwe amabweretsa mavairasi. Amene amalowa nayo ku banki aganize msanga. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo makina ambiri opangidwa 2017 isanafike saloledwa. Ena amaikamo Linux Mint, yomwe ndi yaulere, ngakhale kuti makina ena osindikizira amavuta nayo.

Ndalama za fodya kapena mbatata zikalowa ndipo mwatsimikiza zogula, kaya ku Tete kaya kutsidya ku Dedza, wogulitsa ayatse kompyutayo inu mukuona. Ngati ndi laputopu, azule chingwe cha magetsi kuti muone ngati batire ikusunga moto.