Kulemera kwa Fodya Kupita Kuti?

M'minda ya ku Kasungu mlimi akathyola fodya, masamba alemera ndithu. Koma atauma m'chigafa apepuka, ndipo wosadziwa angayese kuti munalowa mbala usiku. Si mbala ayi. Pakuti mwa magawo 10 a tsamba laliwisi, monga 8 ndiwo madzi. Madziwo auluka nakhala mumpweya, osatayika konse. Lavoisier wa ku France analemba m'chaka cha 1789 kuti chinthu chisanduka maonekedwe, koma kulemera kwa zonse pamodzi sikuchepa kapena kuchuluka. Chotero fodya wouma akagona pachinyontho, amwanso madzi nalemera. Munthu wonyowetsa fodya kuti alemere pasikelo agulitsa madzi, ndipo fodya wakeyo achita nkhungu nakanidwa kumsika.