Mphatso yoluka ya mwana wotsiriza sukulu

Chaka chikamapita kumapeto, mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amakhala ndi nkhawa. Mwana watsiriza kalasi 12, kapena akukavala mkanjo ndi chisoti ku Universidade Zambeze ku Ulónguè, koma ndalama ya mbatata inathera ku feteleza. Nanga mwana wotere apatsidwe chiyani?

Mayi amene ali ndi singano ya ngowe ndi ulusi wathonje sangasowe chopereka. Pali kalukidwe kotchedwa filet, liwu lachifalansa lotanthauza ukonde, komwe munthu amatha kulemba chaka ndi kujambula chisoti cha omaliza maphunziro pa kansalu ka patebulo. Ngakhale wongoyamba kumene angathe, chifukwa malukidwe ake ndi awiri okha: tcheni ndi mzati, umene pa Chipwitikizi amati ponto alto. Poluka mzati, ulusi umakulungidwa pa singano, singano n'kulowa m'diso ndi kukoka ulusi, kenaka timaso timatsitsidwa tiwiritiwiri kawiri.

Ntchito imayambira pa pepala. Tsamba limodzi la kope la masamu, lija la timabokosi, ndi lokwanira. Kabokosi kodetsedwa ndi pensulo kadzakhala kotseka, kosadetsedwa kadzakhala zenera. Zenera ndi mzati umodzi ndi matcheni awiri, kudumpha maso awiri a pansi. Kabokosi kotseka ndi mizati itatu yoima pamodzi.

Nambala iliyonse imatenga timabokosi 3 m'mimba ndi 5 m'litali. Manambala anayi a chaka, posiya kabokosi kamodzi pakati pawo, amadya timabokosi 15. Kuwonjezera 3 mbali iyi ndi 3 mbali inayo, mzere umakhala wa timabokosi 21. Chisoti chimajambulidwa pamwamba pa chaka, nsonga yake ili pa kabokosi ka 11, komwe ndi pakati penipeni, ndipo chingwe chake chimalendewera kumbali.

Tcheni choyambira chimawerengedwa motere: timabokosi 21 kuchulukitsa katatu, n'kuwonjezera 5, zimakwana maso 68. Mzati woyamba umalowa m'diso lachisanu ndi chitatu kuchokera pa singano. Pepala limawerengedwa kuyambira pansi. Mzere woyamba umachokera kumanja kupita kumanzere, wachiwiri umabwerera kuchokera kumanzere, chifukwa nsalu imatembenuzidwa pa mapeto a mzere uliwonse.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Kabokosi kamodzi kakaiwalika, nambala imapindika ndipo 6 amatha kuoneka ngati 8. Cholakwacho chimadzaoneka patapita mizere ingapo, ntchito ya madzulo awiri n'kumasulidwa. Choncho woluka wanzeru amawerenga timabokosi akatha mzere uliwonse ndi kuudula ndi pensulo pa pepala. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu asachite mantha, mwana wa pulayimale angamujambulire manambala, iye n'kumatsata timabokosi.

Ulusi woyera wa nambala 10 ndi singano ya mamilimita 1,5 ndizo zimaonetsa bwino chithunzi. Kansalu kakatha kachapidwe, katambasulidwe pa mphasa ndi kukanikizidwa m'makona mpaka kaume, kuti mazenera akhale owongoka.

Mbuzi ya phwando imadyedwa tsiku limodzi, koma kansalu aka mwana adzapita nako kumene adzapeze ntchito, kaya ku Tete kaya ku Beira. Ofuna kuti kadzathe pa nthawi yake ayambe kuluka mayeso asanayambe, ntchito ya kumunda isanachuluke.