Mano a mwana afiira? Musathamangire makala, yambani mwafunsa madzi amene amamwa

Mwina inunso munachita monga ambiri a ife muno mu Lusaka. Nchito yavuta, renti ku Kanyama kapena ku Mtendere yakwera, ndiye mwana munamutumiza kwa ambuye ake kumudzi kuti akulire kumeneko. Manje wabwera pa holide, watsika basi ku Intercity, akuseka, ndipo mtima wanu wagunda: mano akutsogolo ali ndi mawanga oyera monga choko, ena ofiira monga a munthu wokoka fodya. Mawu oyamba kutuluka ni akuti, "Iwe, sutsuka mkamwa?"

Imani pang'ono. Nthawi zambiri mwana alibe mlandu.

Ine ndinaziona pa mwana wa achemwali anga amene anakulira kwa Sandwe, dera limene kale linali mu Petauke koma kuyambira 2018 lili m'boma la Lusangazi. Kamtsikana kokongola, koma pa foto kamatseka pakamwa ndi dzanja chifukwa anzake amakaseka. Tinakalipa, tinagula mswachi watsopano, ena mpaka anati mukwecheni ndi makala na mchere. Palibe chinasintha. Dokotala wa mano ndiye anatiuza kuti mtunduwo suli pamwamba pa dzino ayi, uli mkati mwake.

Dzina lake ni fluorosis. Mu madzi a pansi pa nthaka mumakhala mchere wina wotchedwa fluoride umene umachokera ku miyala. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano, n'chifukwa chake amauika mu Colgate. Koma ukachuluka, mwana n'kumamwa madziwo tsiku ndi tsiku pamene mano aukulu akali kupangika mkati mwa nkhama, chikopa choyera cha dzino chimatuluka cholakwika. Zimenezi zimachitika kuyambira ukhanda mpaka zaka 8. Mano aukulu akutsogolo amayamba kuoneka pa zaka 6 kapena 7, ndiye vuto mumaliona mochedwa, madzi atagwira kale nchito yake zaka zapitazo. Bungwe la WHO limati fluoride asapitirire 1.5 mg pa lita imodzi ya madzi akumwa.

Madzi otere amapezeka kwambiri m'zigwa zikuluzikulu ndi pafupi ndi akasupe otentha. Ku Choma, ofufuza a ku UNZA analemba mu 2007 za ana a sukulu amene mano awo anaonongeka chifukwa chomwa madzi a akasupe otentha. Ku Malawi vutoli lilipo ku Nathenje, ku Machinga ndi ku Nsanje. Chigwa cha Luangwa, chimene Sandwe ndi mbali ya Nyimba zatsamira, nachonso chili ndi akasupe otentha, ndipo amene mumayenda pa Great East Road mumadziwa a pa Chinyunyu. Sindikuti borehole iliyonse kumeneko njoipa. Ziwiri zoyandikana zingasiyane kutali. Madzi ake amaoneka oyera, alibe fungo, ndiye popanda kuwapima simungadziwe. Chizindikiro chosavuta ni ichi: funsani ambuye ngati ana ena omwa pa borehole yomweyo ali ndi mano otere. Ngati ni ambiri, nkhaniyo ipite kwa a zaumoyo pa kiliniki kuti madzi akapimidwe.

Apa ndiye ambiri timaphonya. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, koma fluoride sachoka, m'malo mwake amachuluka chifukwa madzi ena auluka ngati nthunzi. Klorini nayenso samuchotsa. Chothandiza ni kusinthira ana aang'ono ku chitsime china chopimidwa, kapena madzi a mvula osungidwa bwino.

Koma osati dzino lililonse lofiira ni fluorosis. Yang'anitsitsani.

Ngati mano a mkaka akumwamba ayamba kuda pafupi ndi nkhama n'kumanyenyeka, kumeneko ni kuwola. Gwero lake ni botolo la tiyi wa shuga, juwisi kapena maheu limene mwana amagona nalo, kuphatikizapo maswiti a pa kantemba. Ena amati asiyeni, si adzaguluka? Zoona adzaguluka, koma asanatero mwana adzalira usiku, adzakana nsima, ndipo mafinya angaononge dzino lalikulu limene lili pansi.

Dzino limodzi chabe lotuwa kapena lakuda kawirikawiri ni lakuti anagwa n'kulimenyetsa, magazi anaundana mkati. Kadontho kakuda pamwamba pa mano a mwana amene akumwa mankhwala amadzi oonjezera magazi sikoopsa, kamachoka akatsukidwa ku chipatala, ndipo musamusiyitse mankhwalawo pa inu nokha. Oopsa ni makapisozi a tetracycline. Mayi wapakati kapena mwana wosafika zaka 8 akawamwa, mano amatuluka achikasu kapena otuwa moyo wonse. Ganizirani zimenezo musanagule makapisozi pamsika n'kuwatsegulira mu phala la mwana wotsegula m'mimba.

Komanso pali chimene si matenda n'komwe. Mano aukulu mwachibadwa amakhala achikasu pang'ono kuposa a mkaka. Akaima pamodzi mkamwa mwa mwana wa Grade 1, atsopanowo amaoneka ngati akuda, pamene ali bwino chabe.

Nanga chithandizo? Makala, phulusa, soda ndi mandimu zisiyeni. Zimapala chikopa cha dzino, ndipo chikopacho chikatha sichimeranso, dzino limayamba kunyenyeza pakumwa zozizira n'kuchita chikasu kuposa kale. Timankhwala toyeretsa mano timene amatsatsa pa Facebook ndi TikTok sitoyenera ana. Ine pa nchito yanga ndimaona oimba pafupi, ndipo ndikuuzeni, kuyera kwa mano mumaona mu vidiyo theka lake ni filita.

Pitani naye kwa dokotala wa mano. Kum'mawa yambirani pa chipatala cha boma ku Nyimba kapena ku Petauke, kumene kulinso Kalindawalo General Hospital. Muno mu tauni kuli UTH ndi Dental Training School ku Thornpark. Zakuda za pamwamba amazitsuka tsiku lomwelo. Dzino lowola amalimata. Fluorosis yochepa amaipala pang'ono ndi mankhwala apadera, yaikulu amaiphimba ndi zomata zofanana ndi mtundu wa dzino, ndipo zina amadikira mwana akule kaye.

Kunyumba, mwana atsuke kawiri pa tsiku, inu mukuona. Wosafika zaka 3 mumuikire Colgate wochepa ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati kanjere ka nandolo, ndipo azilavula, osameza. Kamtsikana kathu kaja mano awiri akutsogolo anakamata chaka chatha. Mng'ono wake wa zaka 2 akali kumudzi, koma manje amamutungira pa chitsime china.