Dokotala Wofunsa za Ntchito Yako

Kuno ku South Africa, kumene kwathu ku Malawi timangoti ku Joni, kuli madokotala amene anaphunzira mwapadera za matenda obwera chifukwa cha ntchito. Munthu ukalowa m'chipinda chawo ukutsokomola, asanagwire n'komwe chomvera pachifuwa amayamba ndi mafunso: mumagwira ntchito yanji, mwagwira zaka zingati, kuntchitoko kumatuluka fumbi lotani? Funso looneka lachabeli limafuna maphunziro, ndipo dziko lopanda madokotala odziwa kulifunsa limasiya antchito ake akufa ndi matenda amene palibe anawatchula dzina.

Njira yake ndi yaitali. Munthu amaphunzira udokotala zaka 6, n'kugwira zaka ziwiri pansi pa akuluakulu m'chipatala, kenako chaka china chotumikira kumene boma lamutumiza. Akatha apo pali makwerero awiri. Loyamba ndi dipuloma ya zaumoyo wa pantchito, imene mayunivesite monga Wits, Cape Town ndi Pretoria amaphunzitsa dokotala akupitiriza ntchito yake. Lachiwiri ndi la ukatswiri weniweni: zaka 4 za maphunziro, kafukufuku, ndi mayeso a Colleges of Medicine of South Africa. M'maphunzirowa dokotala amazolowera kuwerenga chithunzi cha mapapo poyerekeza ndi zithunzi zimene bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa, kuuzitsa munthu mpweya m'kachipangizo kuti aone mphamvu ya mapapo, kuyeza makutu a amene amakhala m'phokoso lopitirira madesibelo 85, ndiponso kudziwa malamulo a chipukuta misozi. Amalowanso mu mgodi ndi m'fakitale, atavala chipewa cholimba ndi majombo, kuti aone ndi maso ake chimene chimadwalitsa anthu.

Chinabala zonsezi ndi migodi ya golide. Mwala wa pansi pa Johannesburg ukamabooledwa umatulutsa fumbi losalala kwambiri la silika, limene limakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa ndi zipsera. Matendawa, silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo amatha kuonekera patapita zaka 10 kapena 20 munthu atasiya ntchito. Choipa china n'chakuti amatsegulira njira chifuwa chachikulu (TB), komanso pachithunzi amafanana nacho. Dokotala wosafunsa za ntchito amapereka mankhwala a TB miyezi 6, wodwala n'kubweranso akubanika, n'kupatsidwanso omwewo. N'chifukwa chake lamulo la zaumoyo m'migodi la 1996 limakakamiza mwini mgodi kukhala ndi dokotala wa maphunzirowa, kuyeza wantchito polowa, ali pantchito ndiponso potuluka, n'kumupatsa chikalata chosonyeza mmene thupi lake lalili tsiku lochoka. Ngakhale munthu atamwalira, lamulo la 1973 limalola kuti, banja likavomera, mtima ndi mapapo ake zikayezedwe ku National Institute for Occupational Health, kuti mkazi wamasiye alandire chipukuta misozi.

Wina anganene kuti dokotala wolipidwa ndi kampani sangalume dzanja lomudyetsa. Mawuwa ali ndi nzeru, pakuti migodiyi inali ndi madokotala kwa zaka zambirimbiri pamene anthu akuda odwala ankangokwezedwa sitima kuti akafere kwawo. Koma dokotala wa nthawi imeneyo ankayeza makamaka ngati munthu ali ndi mphamvu zogwira fosholo. Wa lero amayankha ku khonsolo yolembetsa madokotala, ndipo wantchito amene wauzidwa kuti sali woyenera kugwira ntchito angathe kukadandaula kwa dokotala woyendera migodi wa boma pasanathe masiku 30. Chitetezochi si chokwanira, koma chimadalira kuti pakhale dokotala wina wodziwa kutsutsa mnzake. Enanso angati kwathu, kumene malungo ndi uchembere zikutha anthu, maphunziro otere ndi mwanaalirenji. Apa m'pamene dipuloma ija ili yothandiza: sichotsa dokotala m'chipatala cha boma, imangomutsegula maso kuti aone wophwanya miyala m'mbali mwa msewu, wopopera mankhwala m'minda ya tiyi ku Thyolo, kapena wokumba malasha ku Rumphi.

Ndipotu nkhaniyi inafika kale m'midzi yathu. Amuna ambiri anapita kumigodi kudzera ku Wenela ndi ku Teba, mabungwe olemba anthu ntchitoyo; kulemba anthu kunaima mu 1974 ndege yonyamula antchito itagwa ku Francistown, kenako kunayambiranso, n'kudzatheratu mu 1988. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani 6 a golide apereke R5 biliyoni kudzera mu Tshiamiso Trust kwa odwala silicosis ndi TB amene anagwira m'migodi yawo kuyambira 1965. Kuti mkulu wa ku Dedza kapena ku Mzimba alandirepo kanthu, pamafunika umboni woti anagwiradi mu mgodi umodzi wa makampaniwo, chithunzi cha mapapo ake, ndi dokotala wodziwa kuchiwerenga.