Wosunga mwana alibe pepala, wa pepala alibe mwana

Maliro akatha mu Kamwala, m'mawa mwake acibale amakhala pansi kukamba za womwalirayo. Amagawa zovala, amawerenga ngongole, ndipo amasankha adiministireta. Za ana zimabwera kumapeto, pamene ena ayamba kale kufunsa nthawi ya basi ya ku Petauke. "Uyu apite ndi ambuye ake, uyu atsale ndi azakhali." Nkhani yathera pomwepo, palibe colembedwa.

Pakapita sabata imodzi adiministireta uja ali kale ku Local Court, watenga kalata yacidindo. Ndi kalatayo amalowa ku banki, ku NAPSA ndi kumene womwalira anali kugwira nchito. Ambuye amene anapatsidwa ana ali ndi ana okhawo, ndi mphika wofunika kudzaza tsiku ndi tsiku. Ife amene timayendera nyumba za ofedwa m'miphakati yathu taziona izi kambiri, ndipo tikuti vuto limayambira pa kusokoneza maudindo awiri osiyana.

Adiministireta ndi wanchito wa cuma ca masiye. Nchito yake ndi kusonkhanitsa zimene womwalira anasiya, kulipira ngongole ndi kugawa zotsala monga lamulo linenera. Akamaliza kugawa, nchito yake yatha. Msungi wa mwana, amene makhoti amamucha gadiyani, ndiye amaimirira mwanayo mpaka atakula: kumene agone, sukulu imene aphunzire, kusaina kucipatala, ndi kuyang'anira gawo lake la cuma. Munthu mmodzi akhoza kusenza zonse ziwiri, koma kalata ya uadiministireta payokha sipatsa munthu ana, ndipo simupatsa nyumba.

Mu Kamwala nkhani ya nyumba ndiyo imawawa. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za kanselo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo. Mabanja a ku Kamwala, Kabwata, Libala, Chilenje ndi Matero amene anali kulipira lendi anasanduka eni nyumba. Zaka zomwezo matenda a Edzi anali kutenga makolo ambiri, nyumba zija n'kutsala m'manja mwa ana osadziwa ngakhale kumene mapepala ake ali. Lero poloti ya mu Kamwala, pafupi ndi mashopu ndi msika, ili ndi mtengo umene makolo aja sanaulote. Wacibale amene sanabwereko ndi shuga pamene mai anali kudwala amatulukira msanga akamva kuti pali wofuna kugula.

Lamulo la cuma ca munthu womwalira wopanda wilu, la mu 1989, linanena momveka. Pa K100 iliyonse, K50 ndi ya ana, K20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, K20 ya makolo a womwalira, ndipo K10 ya ena amene anali kudalira iye. Ngati palibe mkazi kapena mwamuna wotsala, gawo lake limapita kwa ana. Nyumba ndi ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiye amakhalamo moyo wake wonse pokhapokha akalowa ukwati wina. Adiministireta saloledwa kuigulitsa popanda cilolezo ca khoti, ndipo wolanda cuma ca amasiye akhoza kumangidwa mpaka zaka 2. Atsibweni, abale ndi alongo a womwalira sanachulidwe pa mndandandawu, kupatula ngati anali kusungidwa ndi iye.

Koma mwana wa zaka 9 sangapite kukhoti kukafunsa za K50 yake. Payenera kukhala wamkulu womulankhulira, ndipo lamulo lomweli limapatsa khoti mphamvu yosankha msungi woteroyo. Apa ndiye pamene ambuye aja amagonja. Akafika pa ofesi amafunsidwa kuti, "Ndinu ndani kwa mwanayu?" Iwo amayankha zoona, kuti ndi amene amamusambitsa ndi kumudyetsa. Wa pa desiki amafuna pepala.

Mu 2022 a Hakainde Hichilema anasaina lamulo latsopano la ana, Children's Code Act, limene linasonkhanitsa pamodzi malamulo akale monga Juveniles Act ndi Adoption Act a mu 1956. Lamuloli limati kholo limodzi likamwalira, lotsala ndilo msungi. Limalola kholo kuchula msungi wa ana ake mu wilu likali moyo, ndipo limalola khoti kusankha msungi ngati makolo onse anamwalira kapena sapezeka. Khoti limayang'ana cimene cili cabwino kwa mwana, ndipo mwana wozindikira amafunsidwa maganizo ake. Ena amaopa kuti kupita kukhoti ndiko kucotsa mwana mu mtundu wake. Kumeneko ndi kusokoneza ndi adopushoni, imene imasandutsa mwana kukhala wa banja lina kotheratu. Mwana wa msungi amakhalabe ndi dzina lake, mfunda wake ndi abale ake onse.

Poyambira ndi pa ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Tengani reji yanu, pepala la imfa ya makolo, satifiketi ya kubadwa kwa mwana kapena khadi lake la sikelo, ndi kalata ya kusukulu. Khadi la ubatizo musalisiye, cifukwa lili ndi maina a makolo ndi tsiku lobadwa, ndipo likatayika buku la ku parishi likalipo. Kawirikawiri wa Social Welfare amabwera kudzaona pakhomo ndi kulemba lipoti lopita kukhoti. Ndi bwino kupita ndi wacibale wa mbali ya atate ndi wina wa mbali ya amai, pakuti Acewa ndi Ansenga amati ana ndi a kucikazi pamene Angoni amati ndi a kucimuna, ndipo mu Lusaka maukwati ambiri ndi osakaniza. Amene alibe ndalama za loya afike ku Legal Aid Board kapena ku National Legal Aid Clinic for Women. Ngati katundu wayamba kale kutuluka m'nyumba, imeneyo ndi nkhani ya Victim Support Unit ku polisi tsiku lomwelo.

Alimi adziwe kuti munda wa mwambo, wopatsidwa ndi mfumu, suli pansi pa lamulo la 1989. Msungi wotengera mwana kumudzi akaonekere naye kwa a nyakwawa, pamaso pa mboni, kuti munda wa makolo ake udziwike kuti ukudikira mwanayo. Ng'ombe, ngolo ndi ndalama za cimanga zili mu cuma cogawidwa.

Kwa makolo amene mukali moyo, wilu safuna Cingerezi cozama. Ilembedwe, muisaine pamaso pa mboni 2 zili pamodzi, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene mwawasiyira kanthu. Tikudziwa kuti ambiri amati kulemba wilu ndi kuitana imfa, koma anthu omwewo amalipira inshuwalansi ya maliro mwezi ndi mwezi osadandaula. Musanalembe dzina la msungi, kambani naye, ndipo mufunsenso mkazi kapena mwamuna wake, cifukwa ndiye adzagawa nsima m'nyumbamo.